Mankhwala a chimfine ndi nkhani ya reseta: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Angónia, mwezi wa Juni ukamatha kulowa Julayi, chisanu chimagwa m'madimba a kachewere ndipo m'tchalitchi mumangomveka kukhosomola kokhakokha. Chaka chino chimfine chinagwira mayi a kunyumba kwanga. Mphuno zinatsekeratu, usiku ankapumira kukamwa mpaka kukhosi kuuma gwa. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Joni anatisiyirapo mapiritsi ena omwe anatithandiza kwambiri, ndiye ndinatenga kabokosi kake kopanda kanthu, n'kukwera shapa kupita m'tauni.

Pa farimasiya ina mtsikana wogulitsa anakatembenuza kabokosiko, nawerenga kumbuyo, nati: "Pepani bambo, awa popanda reseta sitigulitsa." Reseta ndi kapepala kamene a kuchipatala amalembapo mankhwala. Ndinapita pa chipatala china, ndinaima pa bisha (pamzere), n'kuuzidwa kuti sangalembe wodwala palibe. M'mawa mwake ndinawakweza mayiwo pa njinga yamoto atadzikulunga zitenje ziwiri. Kapepala tinakalandira dzuwa litapendeka, koma titabwerera ku farimasiya anati palibe karimbo, chidindo chija. Wosunga chidindo anali atapita ku msonkhano.

Ndine mphunzitsi, ndipo chinthu chikandipweteka ndimafuna kudziwa gwero lake. Mafunso ali m'munsimu ndi amene anzanga a kusukulu, a kumphakati ndi oyandikana nawo akhala akundifunsa chichitikireni zimenezi.

Aphunzitsi, kodi mankhwala onse a chimfine tsopano akufuna reseta?

Ayi. Paracetamol mugula popanda wokufunsani kanthu, chimodzimodzi mafuta opaka pachifuwa ndi timaswiti toziziritsa kukhosi. Ovuta ali m'magulu atatu, ndipo anthu timawasakaniza ngati ndi amodzi.

Oyamba ndi otsegula mphuno amene muli pseudoephedrine kapena ephedrine. Pa bokosi la Chipwitikizi amalemba kuti pseudoefedrina. Achiwiri ndi a madzi oletsa kukhosomola amene muli codeine, kapena kuti codeína. Achitatu ndi maantibayotiki, omwe kunena zoona si mankhwala a chimfine n'komwe, ngakhale ndi amene ambiri timawathamangira.

Musayang'ane dzina lalikulu la kutsogolo kwa bokosi. Tembenuzani, muwerenge timalemba ting'onoting'ono pamene alemba kuti composição. Mabokosi awiri akhoza kufanana mtundu ndi chithunzi, koma zam'kati n'kusiyana.

Nanga pseudoephedrine walakwa chiyani?

Kwa wodwala chimfine sanalakwe kanthu. Mphuno ikatseka, sikuti ndi mamina okha. Timitsempha ta magazi ta m'kati mwa mphuno timafufuma, njira ya mpweya n'kuchepa. Mankhwalawa amafinya timitsemphato, munthu n'kupuma bwino. Chifukwa amafinya mitsempha ya thupi lonse, sayenera munthu wodwala BP yokwera kwambiri kapena mtima, ndipo ukamwa madzulo tulo timathawa.

Vuto lake lili kwina. Kapangidwe ka pseudoephedrine n'kofanana kwambiri ndi ka methamphetamine, mankhwala ozunguza bongo amene ku Cape Town amawatchula kuti tik. Munthu wodziwa akhoza kusandutsa mapiritsi a chimfine kukhala tik. N'chifukwa chake pangano la United Nations la mu 1988 lolimbana ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo linaika ephedrine ndi pseudoephedrine pa mndandanda wa zinthu zoyenera kulondolozedwa zikamadutsa m'malire a mayiko. Amene anakhalako ku South Africa akudziwa mmene tik amathera mnyamata: kuonda, mano kuthothoka, kugulitsa katundu wa m'nyumba ya amayi ake. Mantha a boma pamenepa si ongopeka. Koma paja nsomba ikaola imodzi amati zonse zaola, ndiye tonse ogula taikidwa m'dengu limodzi ndi ophika tik.

Kodi ndi kuno kokha kumene akuvutitsa anthu chonchi?

Si kuno kokha, ndipo kwina anayamba kale. Ku America kuli lamulo la mu 2005 lotchedwa Combat Methamphetamine Epidemic Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2006. Mankhwalawa anawachotsa pa mashelefu n'kuwaika kuseri kwa kauntala. Wogula amaonetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi, amasayina m'buku, ndipo sangagule kupitirira magalamu 3.6 pa tsiku kapena magalamu 9 pa masiku 30. Anthu a kumeneko amadandaula kuti munthu wodwala akumuyesa chigawenga. Chigawo cha Oregon chinafika polamula reseta mu 2006, Mississippi n'kutsatira mu 2010, koma zigawo ziwiri zonsezi zinadzachotsa lamulo la resetalo, ndipo kuyambira mu 2022 anthu akugulanso ndi chiphaso chokha.

Ku Britain, kuyambira mu 2008, farimasiya siloledwa kugulitsa popanda reseta mankhwala opitirira mamiligalamu 720 a pseudoephedrine kwa munthu nthawi imodzi, komwe kuli ngati kabokosi kamodzi ka mapiritsi 12. Mexico inaletseratu.

Chimene ndinaona powerenga zimenezi n'chakuti ku America ndi ku Britain wodwala amatuluka m'farimasiya ndi mankhwala ake tsiku lomwelo. Amamuchepetsera mlingo, amamulemba dzina, koma samutumiza ulendo wa masiku awiri kukasaka chidindo.

Malamulo amenewa anathetsa tik?

Anachepetsa mbali imodzi. Ku America timalo tophikira tik m'makhitchini ndi m'magalaja tinachepa ndithu, ndipo zimenezo zinapulumutsa ana amene ankapuma utsi wa poizoni m'nyumba zotere. Koma mankhwalawo sanathe m'misewu. Magulu akuluakulu a ku Mexico ndiwo anatenga msika, ndipo pseudoephedrine atavuta kupeza anasintha njira n'kuyamba kuphika ndi zinthu zina zosachokera m'mapiritsi a chimfine.

Kuno kwathu nkhani yake ndi yoonekeratu. Mabungwe ofufuza za malonda amenewa akhala akulemba kuti heroin ndi methamphetamine wochokera ku Afghanistan amabwera pa ngalawa kudzera pa nyanja ya Indian Ocean, kutsikira m'magombe a kumpoto kwa Mozambique, kenako n'kuyenda pa msewu kupita ku South Africa. Ku Afghanistan methamphetamine amamupanga kuchokera ku chitsamba chotchedwa ephedra chomera m'mapiri. Katundu ameneyu sadutsa pa kauntala ya farimasiya ya ku Ulónguè kapena ku Furancungo. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mpanda wautali aumanga pamene pakudutsa mayi wa mphuno zotseka, pomwe njira imene mukudutsa matumba ili kutali ndi ife.

Bwanji za sharope (mankhwala a madzi aja) wa codeine? Ameneyunso mukuti amumasule?

Ayi, ameneyu ndili kumbali ya boma, ndipo ndikunena mosabisa. Codeine ndi wa banja limodzi ndi morphine. Amazolowereka, ndipo akachuluka amachedwetsa kupuma. Ku Nigeria achinyamata ankamwa mabotolo athunthu atasakaniza ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, mpaka mu 2018 boma linaletsa kupanga ndi kuitanitsa sharope wa chifuwa wokhala ndi codeine. Ku Ulaya bungwe loona za mankhwala linagamula mu 2015 kuti mwana wosafika zaka 12 asapatsidwe codeine pa chifuwa kapena chimfine. Britain nayo mu 2024 inalamula kuti sharope ameneyu azigulidwa ndi reseta basi.

Ine ndimaphunzitsa anyamata a zaka 15 ndi 16. Sindikufuna kuti botolo lotere lizipezeka mosavuta ngati Fanta. Dandaulo langa n'lakuti otsegula mphuno ndi codeine sayenera kuyezedwa ndi muyeso umodzi, chifukwa kuopsa kwake kwa womwayo n'kosiyana.

Ndani kwenikweni amaika malamulo a mankhwala m'dziko muno?

Lamulo lalikulu ndi Lei 12/2017, lokhudza mankhwala ndi katemera, ndipo ndi lomwe linakhazikitsa bungwe la ANARME, Autoridade Nacional Reguladora de Medicamentos. Bungweli ndi limene limavomereza mankhwala olowa m'dziko ndi kuyang'anira ogulitsa. Zipatala zili pansi pa unduna wa zaumoyo, MISAU. Za mankhwala ozunguza bongo ndi zinthu zowapangira zili m'lamulo lina, Lei 3/97. Mankhwala amagawidwa pawiri: a venda livre, ogula momasuka, ndi ofuna reseta.

Zonsezi zimalembedwa ku Maputo, mtunda wopitirira makilomita 1,500 kuchokera mu mzinda wa Tete, ndipo zimalembedwa m'Chipwitikizi cha m'maofesi. Ife a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde timalankhula Chichewa m'nyumba, kumunda ndi kumsika. Gogo wa ku Dómuè amamva za lamulo tsiku limene lamubweza pa kauntala. Wolemba lamulo akamati "wodwala akaonane ndi dokotala", m'maganizo mwake muli munthu wa mu mzinda amene chipatala chili kuseri kwa nyumba yake. Saona munthu wosiya ng'ombe popanda woweta, wolipira njinga yamoto kupita ndi kubwera, wokhala pa benchi yozizira kuyambira mbandakucha pakati pa odwala chifuwa chachikulu ndi ana a malungo.

Palinso china chimene sichinenedwa kawirikawiri. Aliyense wopita kuchipatala kukangofuna kapepala ka chimfine amatalikitsa bisha. Namwino amene akanaona mwana wobanika akutha nthawi kulemba reseta ya mphuno.

N'chifukwa chiyani farimasiya ina imakana pomwe ina imangogulitsa?

Zinandichitikira. Patapita sabata, mnzanga wina anagula mapiritsi a mtundu womwewo pamalo ena popanda kufunsidwa ngakhale dzina. Nthawi zina chifukwa chake n'chakuti mankhwalawo amangofanana maonekedwe koma zam'kati n'zosiyana. Nthawi zina wogulitsa amaopa oyendera, ndiye amakana chilichonse chomwe akuchikayikira kuti asalandidwe chilolezo. Ena amangofuna ndalama.

Mtsikana amene anandibweza uja sindimuimba mlandu. Anandilankhula mwaulemu, ndipo ntchito yake ndi imene imadyetsa kwawo. Koma lamulo likamagwira pakhomo lino n'kusagwira pakhomo linalo, anthu amasiya kulilemekeza. Amayamba kuona ngati ndi nkhani ya kudziwana, ndipo wosadziwika ndi amene amabwerera chimanjamanja.

Ndingokagula ku Dedza kapena ku Ntcheu, poti ndi pafupi?

Ambiri amatero, podutsa pa Calómuè kapena pa Biri-Biri, ndipo a ku Moatize amadzera pa Zóbuè kupita ku Mwanza. Malire amenewa anadula pakati pa abale, ndiye palibe chachilendo. Koma dziwani kuti ku Malawi nakonso kuli bungwe lake, Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo codeine ndi maantibayotiki kumenekonso ali ndi malamulo ake.

Mukagula, gulani pa farimasiya yovomerezeka, mlingo wa munthu mmodzi. Mankhwala akhale m'bokosi lake, lisiti musataye, ndipo ngati muli ndi kapepala ka kuchipatala kayende nanu. Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musalole kunyamulira munthu mabokosi ambirimbiri, ngakhale atakhala mbale wanu wonena kuti akukagawira anzake. Pa malire, kabokosi kamodzi ndi mankhwala a wodwala, koma chikwama chodzaza ndi mlandu, ndipo wogwidwa ndi amene wanyamula.

Nanga a pamsika aja, ogulitsa pa mphasa ndi m'mabanka?

Apa ndi pamene kuvuta kwa mapepala kumatikankhira, ndipo ndi pamene ndimaopa kwambiri. Munthu akabwezedwa kawiri sapitanso kachitatu. Amapita pa tsiku la msika kwa mnyamata amene wayala mapiritsi padzuwa, ena atachotsedwa m'mabokosi n'kumangidwa m'timapepala ta pulasitiki, opanda dzina, opanda tsiku lothera mphamvu.

Mu 2022 ku Gambia ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitasiya kugwira ntchito, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho bungwe la WHO linachenjeza za mitundu inayi ya sharope wa chifuwa ndi chimfine wopangidwa ku India, momwe munapezeka diethylene glycol ndi ethylene glycol, zomwe ndi poizoni. Makolo a ana amenewo ankangofuna kuti mwana asiye kukhosomola agone. Ngati zotere zinachitika ndi mabotolo okhala ndi zilembo zake, kuli bwanji botolo la pa mphasa? Sharope wosadziwika kochokera musamupatse mwana, zivute zitani.

Anandipatsa ena akuti ndi olowa m'malo, muli phenylephrine. Amagwira ntchito?

Makampani ambiri anaika phenylephrine, kapena fenilefrina, m'mapiritsi a chimfine pofuna kuzemba malamulo a pseudoephedrine. Mu Seputembala 2023 akatswiri olangiza bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, anagwirizana onse kuti phenylephrine womwa satsegula mphuno pa mlingo umene amagulitsidwa, chifukwa wambiri amaphwanyidwa m'matumbo asanafike m'magazi. Mu 2024 bungwelo linapereka ganizo lomuchotsa pa mndandanda wa mankhwala omwa otsegula mphuno. Ngati munamvako bwino, mwina anakuthandizani ndi paracetamol amene amasakanizamo.

Ndipo samalani pomwepo. Mapiritsi ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol. Mukamwa amenewo n'kuwonjezera Panado pambali, mukhoza kupitirira magalamu 4 pa tsiku, omwe ndi malire a munthu wamkulu, n'kuvulaza chiwindi.

Bwanji osangomwa makapisozi a mitundu iwiri aja kapena bakitirimu?

Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo maantibayotiki monga amoxicillin kapena cotrimoxazole (bakitirimu) sapha mavairasi. Mumachira chifukwa masiku a chimfine akwana, n'kumayamika kapisozi. Choipa chake n'chakuti tizilombo tina ta m'thupi timazolowera mankhwalawo, ndipo tsiku limene mwana adzadwale chibayo chenicheni adzapezeka kuti sakugwiranso. Pa awa reseta ndi yoyenera.

Tsono munthu atani kunyumba usiku mphuno zitatseka?

Ndikuuzeni zimene zinatithandiza ife, chifukwa pamapeto pake mapiritsi aja sitinagule. Mayi anawiritsa madzi, atazizira pang'ono kukhala ofunda anasungunulamo kamchere kochepa, pafupifupi theka la kasupuni ka tiyi m'kapu yaikulu, n'kumadontheza m'mphuno. Madziwo akhale owiritsa, osati ongotunga pachitsime. Usiku tinakweza kumutu kwa mphasa ndi bulangete lopinda. Ankamwa madzi otentha a mandimu ndi uchi. Apongozi anga anabwera ndi masamba a bulugamu, n'kuwafukiza atafunda chitenje kumutu, ndipo anati apepukidwa kwa kanthawi. Koma mwana wamng'ono musamufukize ndi beseni la madzi owira, ambiri apsa nazo. Uchinso si wa khanda losakwana chaka.

Kuli mankhwala odontheza kapena kupopera m'mphuno, monga xylometazoline ndi oxymetazoline, amene amatsegula msanga. Musapitirire nawo masiku ochepa, chifukwa mukawazolowera mphuno imatseka kuposa poyamba mukangosiya.

Chimfine wamba chimatha pa masiku 7 mpaka 10, ngakhale kachifuwa kamatsalira. Chinanso cha kuno kwathu: nyengo yozizira timasonkha moto m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mazenera, ndipo utsiwo umakulitsa chifuwa. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha anthu ali m'tulo. A ku Moatize nawo ali ndi fumbi la malasha lowawonjezera pa chimfine.

Ndi liti pamene bisha ya kuchipatala ili yoyenera kuipirira?

Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo, musaganize kuti ndi chimfine chabe. M'midzi imene muli APE, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi uja, akhoza kuyeza pomwepo. Mwana akamapuma mothamanga, werengani kwa mphindi imodzi ali phee: wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka zosakwana 5 akafika 40, chikhoza kukhala chibayo. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, akamakana kuyamwa, akakomoka kapena kungofooka osadzuka, nyamukani ngakhale pakati pa usiku. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi musadikire kuti kuche.

Wamkulu akakhosomola kupitirira masabata awiri, makamaka ngati akuonda, kutuluka thukuta usiku kapena kulavula magazi, akayezetse chifuwa chachikulu. Kuyeza ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma. Amayi oyembekezera ndi odwala BP, shuga kapena mphumu afunse kaye asanamwe mankhwala aliwonse a chimfine.

Inuyo mukufuna chisinthe n'chiyani?

Sindikupempha kuti zonse zimasulidwe. Ndikupempha zinthu zimene sizifuna ndalama zambiri. Pakhomo la farimasiya iliyonse pakhale chikwangwani, m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa, chonena mankhwala ofuna reseta ndi osafuna, kuti wogula ndi wogulitsa aziwerenga chinthu chimodzi. Mawailesi a m'madera, amene amatiuza kale za katemera ndi za mbewu m'chilankhulo chathu, anene zimenezi nyengo yozizira isanayambe. Otsegula mphuno azigulitsidwa kabokosi kamodzi kwa munthu wamkulu woonetsa chiphaso cha BI, dzina lilembedwe m'buku, wogulitsa afunse za BP. Njira imeneyi ikugwira ntchito kwina, ndipo katswiri wa pa farimasiya anaphunzira mokwanira kuti aichite.

Ndipo chidindo chisamayende ndi munthu mmodzi. Ngati kapepala sikagwira ntchito popanda karimbo, karimboyo izikhala pa tebulo pomwe akulembera kapepalako. Pa zonse zimene zinatichitikira, ichi ndi chimene chinawaliza mayi a kunyumba. Anali atakhala pa khonde la chipatala, kapepala kali m'manja, mphuno zili zofiira, akundifunsa kuti, "Bambo a ana, ndiye tibwerenso mawa?"

Kodi pali kokadandaula?

Kulipo. M'maofesi a boma ndi m'zipatala mumayenera kukhala livro de reclamações, buku lolembamo madandaulo, ndipo zipatala zambiri zili ndi komiti imene mumakhala anthu a m'mudzi pamodzi ndi ogwira ntchito. Nkhani za mafarimasiya zimapita kwa oyang'anira zaumoyo a m'boma lanu. Polemba, tchulani tsiku, mankhwala amene mumafuna ndi chimene munauzidwa, popanda kunyoza munthu. Amene salemba Chipwitikizi apeze mwana wasukulu kapena mphunzitsi amulembere. Ine ndalemberapo anthu atatu, ndipo sindinakanepo aliyense.

Langa ndinalemba sabata yotsatira. Bukulo analitulutsa m'kabati, ndipo ndinapempha cholembera kwa mlonda chifukwa changa chinali chitatha inki. Komiti ya pa chipatala chathu ikumana mwezi wamawa, ndipo a mfumu andilola kukalankhula. Kabokosi kopanda kanthu kaja ndi reseta yopanda chidindo ndazisunga m'chikwama, ndikapita nazo.